Amake Nthanda Ndi Ndani?

Chinayamba ndi switi, ana inu.

Azakhali anu a Esinala, omwe lero mumawathawa akangokweza nsidze, nthawi imeneyo anali kamwana koyenda chopanda nsapato, ndipo mundilole ndizingoti Esinala, pakuti ndinamubereka ndine. Tsiku limenelo anatulukira kunjira ya kumsewu tsaya litatupa, switi ina ili m'kamwa, ina ataifumbata. Ine ndinali pamtondo ndikusinja mpunga, mlongo wake ali kumsana. Munsi unangoima m'mwamba. Kwathu kuno switi yokulunga m'kapepala konyezimira sinkayenda yokha. Inkafika pa Khirisimasi, kapena munthu akabwera kuchokera ku Joni. Ndinamufunsa kuti wakupatsa ndani. Anayankhira m'mphuno kuti abambo ena a nsapato zakuda, aimika galimoto pansi pa mango kumsewu, akugawira ana onse. Ndinati akungogawa basi? Anati ayi, akufuna tiwauze maina a makanda a m'mudzi mwathu.

"Ndiye iwe wanena chiyani?"

"Sindinanene. M'kamwa munali switi, ndiye ndangothawa."

Ndinakhala pansi pomwepo, pa mankhusu. Ndinamulanda switi ya m'manja ija, iye kulira, ine kuimanga pamfundo ya chitenje, osadziwa n'komwe kuti ndikuisungiranji. Nkhuku zinakwera pamtondo n'kumadya mpunga ine maso ali kunjira.

Iwe Chisomo, usanditong'olere maso choncho, wayambitsa ndiwe. Wabwera kuchokera kusukulu yako yaukachenjede ndi mulu wa mapepala, ukuti ndi dayale, yolembamo za tsiku ndi tsiku, ya wolemba mabuku uja ankaphunzitsa pakoleji kalekale, ukuti inapezeka m'mabokosi a katundu wolandidwa n'kubwezedwa kwa abale ake. Ukuti aphunzitsi ako akutuma uzungulire Domasi yense ufufuze kuti anthu otchulidwamo anali ndani, popeza alibe maina, ali ndi zizindikiro zokha. Unayamba kuwerenga ukuseka: wa njinga yopanda belu, mayi wa thobwa lowawasa, mkulu wa mpingo wogona pa ulaliki. Inenso ndimaseka nawo. Utafika pa amake Nthanda kapu inandipulumuka, ndipo Madalitso akuti anganga akalamba. Si ukalamba, mwana iwe. Ika lamya yakoyo pansi, kapena uipereke kwa mlongo wako ajambule mawuwa, chifukwa sindidzabwerezanso. Anthu amenewo ndikuwadziwa onse. Ndipo Chisomo, si iwe woyamba kuyenda m'chigwa chino kufunsa kuti anali ndani. Oyamba ndi aja anabwera ndi maswiti.

Dzina lenileni la mwini dayale lili pamapepala akowo. Ife tinkangoti a Magalasi, chifukwa m'chigwa monse ovala magalasi anali iwo ndi abusa, koma abusa ankavala powerenga pokha. Anali mphunzitsi wa aphunzitsi, ndipo timabuku tawo ana ankawerenga m'sukulu. Koma kuwaona sukanadziwa. Ankavula nsapato, kupinda thalauza, n'kulowa m'munda wa mpunga kudzafunsa kuti mbalame yadya apayi dzina lake n'chiyani, nanga zitini zomwe timamangirira pachingwe poopseza mbalame anayambitsa ndani. Ukawayankha ankatulutsa kabuku kachikuto chakuda n'kulemba. Kakadzaza ankagula kena. Ife tinkawaseka kumbali, tinkati munthu wophunzira chonchi wasowa chochita. Ndani akanaganiza kuti kabuku kamaluma?

Agogo anu aamuna, a Wilisoni, omwe inu munawapeza mano atatha kale, anali mmisiri wa matabwa. Makina amagetsi amene mumawamva akulira pa Songani masiku ano kunalibe. Thabwa ankalisalaza ndi randa mpaka thukuta kudonthera pomwepo. Guluu ankaphika m'chitini, fungo lake ngati chikopa chowola, ndipo ndinawaletsa kuphikira pa mafuwa anga. Msomali wopindika sunkatayidwa, ndinkawawongolera ndine pamwala. Imva zimenezo Madalitso, iwe amene unaitana munthu kuti adzakhome msomali wopachikapo kalendala. Tsono a Magalasi anafuna mashelefu a mabuku, ndiwo anawakumanitsa. Mashelefu anatha, chibwenzi sichinathe. Loweruka lililonse masana agogo anu ankasamba, kudzola, n'kupita kukasewera bawo pakhonde la a Magalasi. Ankapezana kumeneko ndi a Jailosi, mnzawo wa paubwana, amene ankagulitsa nsomba zouma panjinga. Njingayo inalibe belu. Akafika pagulu ankangoimba likhweru, ndipo ana ankawathamangira m'mbuyo akuimba nawo. Nthawi zina ndinkapita kukasiya mpunga kwa akazi a a Magalasi, n'kukhala pang'ono pamkeka, kumvera amunawo akunamizana.

Nditachira mwana wachiwiri, dzina linayenera kuchokera kwa amayi anga, pakuti la Esinala anatcha akuchimuna. Masiku ano inu mumasankha dzina mwana asanabadwe, mumalitenga pa kanema. Ife ayi. Mwana ankakhala wopanda dzina mpaka mchombo utagwa, mayi n'kutuluka m'chikuta, ndiye wotcha dzina ankabwera ndi kanthu m'manja, n'kumunyamula mwanayo, ndipo kuyambira pamenepo ankakhala ngati kholo lake. Agogo anu anandichonderera kuti ulemu umenewu tiwapatse a Magalasi. Amayi anang'ung'udza koma analola. A Magalasi anabwera ndi kabulangete ndi sopo, anamunyamula mwana ngati dzira, n'kufunsa kuti anabadwa nthawi yanji. Ndinati kukucha, nyenyezi yaikulu ija ikadali kum'mawa. Iwo anati ndiye dzina wabwera nalo yekha, ndi Nthanda. Atachoka, amayi anati limeneli ndi dzina lanji, m'Baibulo mulibe, kwa makolo kulibe, mwanayu adzakhala yekha ngati chulu cha pabwalo. Ananena zoona. M'chigwa monse, kuyambira kuphiri mpaka kumadambo, Nthanda analipo mmodzi. Anthu a pamudzi anapitiriza kunditcha amake Esinala, koma a Magalasi akandiona patali ankakweza chipewa, amvekere amake Nthanda, mwana wanga akudya?

Musayang'anane. Mwana wamwamuna ndinabereka mmodzi yekha, ndipo panopa ali muofesi ku Zomba, tayi ili pakhosi. Nthanda ndi bambo anu, a Yohane omwewo. Eni ake sadziwa. Esinala ngati akukumbukira, sanatsegulepo pakamwa. Tseka pakamwa pakopo Madalitso, mulowa ntchentche.

Inu simungazimvetse msanga, chifukwa lero mumanyoza akuluakulu pa lamya uku mukukukuta chimanga chootcha, n'kugona tulo tabwino. Nthawi imeneyo munthu ankapita kuntchito m'mawa osabweranso, ndipo wofunsa kuti ali kuti ankamutsatira. Mwana uja atayamba kuyenda chogwira zipupa, mpunga utacha m'madambo, tinamva kuti a Magalasi awatenga ali m'kalasi, choko chili m'manja. Kunyumba kwawo anagwetsa mashelefu aja onse, n'kunyamula mapepala m'matumba, pamodzi ndi timabuku takuda tija. Akazi awo anawapatsa tsiku limodzi kuti achoke m'nyumba ya koleji. Ine ndinawaona akudutsa pamsewu pamwamba pa lole, atakumbatira wailesi, ndipo sindinakweze dzanja. Palibe anakweza.

Agogo anu anandilimbitsa mtima. Anati a Magalasi anawauzapo kuti musaope kabukuka, sindilembamo dzina la munthu, ndimangolemba monga timaitanirana. Ankaganiza kuti akutibisa, munthu wa Mulungu. Koma kumudzi dzina la pachiphaso cha msonkho ndi limene limabisa munthu. Mukanafunsa kuti Jailosi mwana wa uje amakhala kuti, anthu akanakanda mutu. Koma kunena kuti wa njinga yopanda belu, ngakhale mbuzi ikanakulozerani nyumba. Anthu a nsapato zakuda aja anakhala pansi n'kuwerenga, ndipo anayamba kuchita ntchito yako yomweyi, Chisomo, tsamba ndi tsamba: uyu ndi ndani, nanga uyu ndi ndani. A Jailosi anawatenga pamsika, nsomba zili pa kaliyala. Njinga inakhala pamenepo itatsamira mtengo mpaka agalu anamaliza nsomba, palibe anayerekeza kuikhudza.

Mayi wa thobwa lowawasa lemba kuti anali Abiti Saidi, mnansi wanga, mayi wamkulu wachiYao amene ankagulitsa thobwa pamsewu. Anamufunsa iyenso. Anawayankha akuwathirira m'chipanda kuti lawani nokha bambo, thobwa langa silinawawasepo chibadwire, kafunseni kwa enawo. Analawa, n'kulipira, n'kupita. Mkulu wa mpingo wogona pa ulaliki ndiye anawakanika, chifukwa ogona anali ambiri. Musaseke kwambiri, ifenso tinkaseka, koma tikuyang'ana kukhomo.

Zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa kuti kodi a Magalasi analembamo chiyani za ife. Ndafika poganiza kuti mwina agogo anu ankandibisira zinthu, mwina ankanyamula makalata oletsedwa pansi pa matabwa, mwina pa bawo paja ankapangana zoopsa. Anamwalira ndisanawafunse, ndinkaopa yankho. Werenganso pamene paja Chisomo, pang'onopang'ono.

"Abambo ake a Nthanda akuti manja awo ndi ogwirira randa, atopa kuima padzuwa kuomba m'manja. Amake Nthanda anaseka mpaka mpunga kutayika m'lichero."

Basi? Tembenuza tsambalo. Palibenso china? Ndiye kuti tinasiya nyumba, munda, mbuzi, dzina la mwana, chifukwa cha timizere tiwiri timeneti? Ndikulikumbukira tsikulo. Anali atatiimika m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa kudikira akuluakulu ena odutsa, osadya, ana akukomoka. Madzulo ake agogo anu ananenadi mawu amenewo uku akutakasa nkhomo pa bawo. Ndinasekadi. Ndinali mtsikana, ndinkaseka chilichonse. Ndipatseni madzi kaye.

A Jailosi atangotengedwa, agogo anu anakulunga sowo m'chiguduli n'kukwera phiri, kukasakanikirana ndi ocheka matabwa, anthu amene ankakhala m'misasa miyezi osatsika. Pochoka anati akufuna ine, iwe ndi ana sakukhudzani. Ndinawakhulupirira mpaka tsiku la switi lija. Madzulo ake Abiti Saidi anabwera ngati wodzapempha moto, n'kundinong'oneza kuti mwamuna akasowa amatenga mkazi, ndipo ngati ali ndi woyamwa amapita naye konko, wamkuluyo n'kumusiya pakhomo ngati nkhuku. Anati a nsapato zakuda aja akuwamva akamamwa thobwa, pamndandanda pawo patsala abambo ake a Nthanda, ndipo atopa kufunsa akuluakulu chifukwa aliyense akuti dzina lotero sanalimvepo.

Pamenepa ndiime ndiwalemekeze anthu a pano. Mudzi wonse unkadziwa. Azimayi amene ndinkakangana nawo pachitsime ankadziwa. Ngakhale mayi wina amene mbuzi zanga zinamudyera nandolo, amene sitinkapatsana moni, anafunsidwa n'kuyankha kuti Nthanda ndi nyenyezi, kaifuneni kumwamba. Koma akuluakulu amatha kusunga pakamwa, ana satha. Galimoto ija inkasuntha mudzi ndi mudzi, ndipo ana athu anali atalawa kale. Ndinkangomva phokoso la injini, ngakhale la chigayo, mkaka n'kuyamba kutuluka wokha.

Kenaka Abiti anabweranso, ulendo uno osanamizira n'komwe moto. Anati asintha nzeru. Tsopano akumaima pa mlatho tsiku la msika, a Jailosi ali m'galimoto kuti aziloza. Ndipo popeza a Jailosi akuchedwa kuloza, mmodzi wa iwo akumayenda kumbuyo kwa mayi aliyense wobereka mwana n'kuitana dzinalo mokoma, kuti aone khanda limene litembenuke.

Ana inu, bambo anu ankalikonda dzina lawo. Ukangoti Nthanda, kaya akuyamwa, kaya akulira, ankasiya n'kutembenuka, timano tiwiri panja, n'kuwomba m'manja. Ndinali nditawaphunzitsa ndekha masewera amenewo.

Kadi ya kusikelo ndinaisonkhezera pansi pa mphika. Kutchalitchi dzinalo linali lisanalembedwe, chifukwa agogo anu ankangozengereza za ubatizo, mawa, mwezi wa mawa, ndipo ndi tsiku lokhalo limene ndinayamika ulesi wa mwamuna. Ndinasankha Yohane chifukwa a Yohane pamudzi pano akanadzaza ngolo. Ndiye ndinayamba ntchito. Ndinkatseka chitseko masana, n'kukhala naye pamphasa nthochi ili m'manja. Yohane, bwera. Iye kumangoyang'ana nthochi. Yohane. Kumayang'ana kukhomo kuti akubwera ndani. Esinala ndinamuuza kuti dzina lakale lija latha ngati malaya ong'ambika, tataya. Anandifunsa kuti tataya kuti, akalitole. Ndinati ukalitchulanso galimoto ija idzanditenga ine, iwe udzatsala wekha ndi nkhuku. Anasiya kufunsa, koma anayamba kundigwira chitenje ngakhale popita kuchimbudzi.

Nthochi zinatha mkoko wonse. Ndinaona ngati zayamba kulowa, ndiye tinati timuyese. Abiti anabisala kuseri kwa nkhokwe n'kuitana dzina lakale ndi mawu aang'ono. Mwana anatembenuka nthawi yomweyo, kuseka, manja m'mwamba. Ndinamumenya pantchafu. Ndinali ndisanamumenyepo. Anandiyang'ana modabwa, kenaka kulira, ine kulira, Esinala kulira. Abiti anatuluka kuseri kuja n'kunena kuti mwanawe, dzina silichoka ndi nthochi, nyamuka upite kwa amako zisanafike poipa.

Amayi anga ankakhala kupitirira Songani, cha ku Naisi, kumene anthu ankandidziwa ndi dzina la pautsikana ndipo mwanayo anangomuonapo ali wakhanda. Koma pakati panali mtsinje wa Domasi. Ine ndinati ndidzera kumtunda, ndikawoloka pamiyala. Abiti anakana. Anati kumadooko aikako anyamata, ndipo mayi wowoloka pamiyala ndi ana awiri mlatho ulipo wadziulula yekha. Wothawa amadzera kutchire, wamalonda amadzera pamlatho. Anati upite tsiku la msika, dzuwa lili pamutu, dengu la mpunga lili pamutu, pakati pa anzako.

Sindinatenge chilichonse chooneka ngati ulendo. Zovala za ana ndinazikwirira pansi pa mpunga m'dengu, pamodzi ndi kabulangete kaja. Chitseko sindinakhome, mbuzi ndinazisiya pachingwe ngati wobwera madzulo, mtondo uli panja. Atsikana a lero, iwe Chisomo, mukasenza ndowa mumagwirira ndi manja awiri ngati mukupemphera. Ife tinkaika nkhata, dengu pamwamba, manja onse n'kukhala aulere, ukhoza kuyenda kuchokera kuno mpaka ku Zomba ukusenda nzimbe. Tsiku limenelo luso limeneli ndi limene ndinadalira, chifukwa manja onse awiri anali ndi ntchito.

Tinali azimayi ambiri panjira, ena tomato, ena nkhuni, ena mpunga ngati ine. Palibe anandiyang'ana, koma ndinaona kuti akundiika pakati. Mayi wa nandolo uja anabwera kumanja kwanga. Titatulukira pamsewu ndinaiona galimoto, itaima chakumapeto kwa mlatho, zitseko zili zotsegula. Wina atakhala pa boneti akusenda lalanje. Wina, wamfupi, wa jekete, akuyendayenda pakati pa anthu manja ali kumbuyo, ngati wosankha mbuzi pamsika.

Ndinaima ngati ndikukonza nkhata. Ndinamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa switi ija, itayamba kale kumata kupepala. Inzake ija Esinala anali ataidya ndipo sanadwale, ndiye ndinadziwa kuti ilibe kanthu. Ndinamuika Esinala m'kamwa, ndikuti usatafune, uziyamwa mpaka ndikuuze, munthu akakufunsa kanthu uloze pakamwa. Kenaka mwana ndinamutembenuzira kutsogolo, n'kumupatsa bere, ngakhale ndinali nditayamba kumuletsa. Kuyambira m'mawa ndinamumana dala phala kuti aligwire ndi mtima wonse. Khutu lina ndinalikanikiza pachifuwa panga, linalo ndinalitseka ndi chikhatho mkati mwa chitenje, ngati mayi woteteza mwana ku mphepo. Dzanja linalo linagwira Esinala. Ndipo ndinayamba kung'ung'uza nyimbo ya kutchalitchi pansipansi, kuti chifuwa chizinjenjemera, mwanayo azimva ine ndekha.

Mlatho uja inu mumadutsa pa minibasi osauona n'komwe. Ndi waufupi. Tsiku limenelo unatalika. Ndinamva nsapato kumbuyo kwanga, zikugunda mosiyana ndi mapazi athu. Anayamba ndi mayi wa kutsogolo, khanda lake linali m'tulo. Kenaka fungo la fodya linafika pakhosi panga.

"Nthanda. Nthanda, mwana wabwino."

Mawu okoma, ana inu, ngati a malume ake. Ndinamva mwana akusiya kuyamwa. Kamutu kanayamba kukankha chikhatho changa. Ndinakanikiza, ndikukweza nyimbo pang'ono, ndikumugwedeza ndi mayendedwe. Khosi langa lenilenilo linkafuna kutembenuka, pakuti dzina la mwana wako likatchulidwa thupi limayankha lokha, koma dengu linandigwira mutu. Esinala anandifinya chala mpaka kuwawa. Kenaka kamwa kaja kanagwiranso bere.

Wa jekete uja anadutsa n'kudzaima kutsogolo kwanga. Anafunsa dzina la mwana, ndinati Yohane. Anafunsa bambo ake, ndinati ali ku Joni, chaka chachiwiri tsopano, sakulemba n'komwe. Mayi wa nandolo anaseka n'kunena kuti amuna onse ndi choncho bwana, wanganso. Anawerama kwa Esinala, n'kumufunsa kuti mlongo wako dzina lake ndani. Esinala analoza pakamwa, dovu likutsikira pachibwano. Munthu uja anaona kapepala konyezimira m'dzanja lake, n'kumwetulira, poona kuti ndi switi yawo yomwe. Ndiye anandigwira pachigongono n'kunditembenuzira kugalimoto.

A Jailosi anali pampando wa kumbuyo. Ndikanakumana nawo kwina sindikanawazindikira. Diso limodzi linali litatsekeka, milomo yoimbira likhweru ija itatupa ngati mbatata. Munthu amene anavina pa ukwati wanga, amene ankabweretsera mwanayu usipa woti ndimusinjire m'phala. Anandiyang'ana, anayang'ana timiyendo ta mwana totulukira pansi pa chitenje, anayang'ana Esinala.

"Nanga uyu?"

"Ayi bwana. Amake Nthanda ndi mayi wamtali, wonenepa. Aka n'kamtsikana ka mpunga."

Mukundiona mmene ndililimu, ndikaima pafupi ndi mtondo timangofanana. Wa jekete anandisiya, wa lalanje analavula nthanga, ndipo ndinamva kambama kakulira m'galimoto ine nditapereka kale msana. Sindinatembenuke. A Jailosi anadzatuluka patapita zaka, akuyenda chotsimphina, ndipo sanakwerenso njinga. Tinkakumana kumaliro, kupatsana moni, osaitchula nkhaniyi mpaka anamwalira. Pamene palembedwa kuti wa njinga yopanda belu, Chisomo, ulembe dzina lawo ndi zilembo zazikulu, ndipo uwauze aphunzitsi ako kuti munthu ameneyu anafunsidwa funso lomwe akufunsa iwolo, iye n'kukana kuyankha.

Agogo anu anatsika m'phiri mvula itayamba, n'kutipeza ku Naisi ali ndi ndevu ngati mbuzi, Esinala anawathawa. Tinakhala kumeneko mpaka ana atakula, ndipo pobwerera kuno tinapeza nyumba itagwa, koma anthu anatilandira ndi dzina latsopano ngati kuti lakale silinakhalepo. A Magalasi sindinawaonenso. Ndinamva kuti anatuluka akudwala n'kupita kwawo. Sindikudziwa ngati anadziwa zimene kabuku kawo kanachita, ndipo sindiwasungira kanthu, ankatikonda. Kabulangete kaja kali m'sutikesi, pansi pa nsalu zanga za chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Lemba kuti amake Nthanda ndine. Koma bambo anu akabwera Loweruka pasapezeke wothamangira kugeti ndi nkhani. Ndinawachotsa dzina ndine, ndiwauza ndine.

Tsono ndimalize. Pa Songani sindinaime kugulitsa, ndipo basi sindinakwere, chifukwa m'basi anthu amacheza ndi ana. Anzanga aja anapatukira mumsika mmodzimmodzi osatsanzika, mayi wa nandolo anangondikhudza pamkono. Ndinapitirira ndekha m'mbali mwa msewu, dengu pamutu, mpaka phokoso la msika litatha. Pamenepo ndi pamene ndinachotsa chikhatho pakhutu la mwana. Khutulo linali litafiira, zala zanga zitadinda patsaya. Switi ya Esinala inali itatha kalekale koma anali akadatseka pakamwa, ndinachita kumuuza kuti tsopano ukhoza kulankhula. Anafunsa ngati tafika. Ndinati ayi, koma pali ntchito: iwe uziyenda kumbuyo kwanga, uziitana mlongo wako.

Ndinamubwezera mwana kumsana. Esinala anati Yohane. Mwana ali zii, akuyang'ana magalimoto. Ine ndinati Yohane. Zii. Tinkalandizana choncho, iye kumbuyo, ine kutsogolo, kudutsa minda, kudutsa anthu otidabwa, dzuwa likupendeka, mawu akusasa. Denga la amayi litayamba kuoneka pakati pa nthochi, Esinala anaitananso ndi kamawu kotopa, ndipo ndinamva kumsana kwanga kamutu kakutembenuka.